Chotsani ma exit program musanayambe upgrade

Achimwene, mwafunsa ngati mungasiye ma exit program ali olembetsedwa pochita upgrade ya IBM i, operating system ya ma server a IBM. Musawasiye ayi. Ma exit program ndi mapulogalamu omwe makina amaitana munthu akafuna kulowa, kuti amulole kapena amukanize. Ine zinandionekera mu 2023, tikuchoka pa IBM i 7.3 kupita pa 7.5, tikuthamangira 30 Seputembala, tsiku lomwe IBM inkasiya thandizo lanthawi zonse la 7.3. Ndinafunsa kampani yomwe inatigulitsa pulogalamu ya chitetezo. Akuti palibe vuto, zisiyeni momwemo. Ndinawakhulupirira.

Upgrade inayenda bwinobwino, INZSYS (lamulo lomalizitsa upgrade) inatha, ma PTF (zigamba za IBM zokonzera mapulogalamu) analowa. Cha m'ma 2 koloko usiku wa Lamlungu ndayatsa netiweki (TCP/IP), ndikuti ndilowe pa 5250 (sikirini yolowera m'makinawa), sikirini ikungotsekeka yokha. ODBC (njira yofikira database) ikukana, FTP (njira yotumizira mafayilo) ikukana, ngakhale QSECOFR yemwe, akaunti yamphamvu kuposa zonse, osaloledwa. Thukuta linangoti kamukamu. Ndinatsala ndi console yokha (sikirini yapadera yoyendetsera makinawo), uku 6 koloko anthu ayamba ntchito. Pulogalamu yawo ija inali ya release yakale, ikangoitanidwa pa QIBM_QZDA_INIT (polowera ODBC) kapena QIBM_QTG_DEVINIT (polowera 5250) inkagwa, chitseko n'kutsekeka. Ndinaichotsa ndi lamulo la RMVEXITPGM, manja akunjenjemera, koma ODBC ikukanabe! Ola lathunthu ndikuwerenga ma joblog (mauthenga omwe job iliyonse imalemba) mpaka maso kuwawa. Vuto linali ma prestart job a QZDASOINIT mu subsystem ya QUSRWRK (ma job oyatsidwiratu odikira olowa pa ODBC), anali atagwirabe pulogalamu yakale ija. Nditawazimitsa ndi lamulo la ENDPJ n'kuwayatsanso, m'pamene zinatseguka. File server inafunanso kuti subsystem yake, QSERVER, iyatsidwe kachiwiri.

Foni yawo ya "usiku ndi usana" ija palibe anayankha. Lolemba masana akundilembera kuti ndikanaika kaye version yatsopano, zili m'zolemba zawo. Nanga nditafunsa bwanji osanena? Ndalama za maintenance amalandira chaka ndi chaka, koma kupepesa kokha kunawakanika. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndiye inu sindikizani WRKREGINF yonse (mndandanda wa ma exit program olembetsedwa) musanakhudze kalikonse, muonenso ma exit program olembedwa pa DDMACC ndi PCSACC mu DSPNETA (lamulo loonetsa ma setting a netiweki) chifukwa izo sizioneka pa mndandanda uja. GO SAVE option 21, yosunga backup ya makina onse, musaidumphe. Kenako chotsani zonse.

Komabe musachotse pamanja ngati mmene ndinachitira ine. Gwiritsani ntchito menyu yozimitsira ya kampani yomwe inakugulitsani pulogalamu ya chitetezo, afunseni akuuzeni version yoyenera, yankho lake likhale lolemba. Ndipo musachedwe kubwezeretsa, chifukwa makina athu anakhala masiku atatu FTP ili pululu, aliyense wokhala ndi password akutha kukopera mafayilo omwe exit program ija inkatchinga.