Louis Luyt, mkulu wa rugby amene anakokera Mandela kukhoti

Mbale wathu wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg wandilembera kalata. Akuti anzake akuntchito amakangana za Louis Luyt, ena kumutamanda, ena kumunyoza, ndiye akufunsa kuti bamboyu anali ndani ndipo analakwanji.

Achimwene, Luyt anabadwa mu 1932 ku Britstown, m'dziko la South Africa, ndipo analemera ndi feteleza wa kampani yake ya Triomf. Mbiri yake inayamba kuda zitaululika kuti nyuzipepala ya The Citizen, imene anaiyambitsa mu 1976, inkayenda ndi ndalama zamseri za boma la tsankho.

Ntchito ankaidziwa, izi sindingamumane. Mu 1988 anapita ku Harare limodzi ndi Danie Craven, mtsogoleri wa rugby m'dzikolo nthawiyo, kukakambirana ndi a ANC, nthawi imene azungu anzake ambiri ankati kutero n'kugulitsa mtundu. Mpikisano wa chikho cha dziko lonse wa 1995 unayenda bwino iye ali pampando wa SARFU, bungwe loyendetsa rugby ku South Africa.

Chimene chinamugwetsa n'chakuti rugby ankaiyesa munda wake. Mu 1992, pamasewero a South Africa ndi New Zealand ku Ellis Park, analola kuti nyimbo ya fuko ya boma la tsankho, Die Stem, iimbidwe ngakhale panali pangano loti isaimbidwe. Paphwando lotsekera chikho cha 1995 anauza alendo kuti South Africa ikadapambananso mu 1987 ndi 1991 ikadakhalapo, osewera a New Zealand n'kunyamuka kutuluka.

Koma chimene chimandipweteka ine ndi cha 1998. Mandela atakhazikitsa komiti yofufuza za tsankho ndi kayendetsedwe ka ndalama mu rugby, SARFU inakasuma, ndipo woweruza William de Villiers analamula kuti pulezidenti abwere yekha kudzapereka umboni ku Pretoria. Taganizani, gogo wa zaka 79, amene anakhala m'ndende zaka 27, amene anavala jezi ya Springbok, timu ya rugby ya dzikolo, pamaso pa dziko lonse kuti azungu asachite mantha, akupanikizidwa ndi mafunso ngati wabodza. Mandela anapita, chifukwa ankalemekeza malamulo. Luyt anapambana pakhoti limenelo, koma anthu anakwiya, makampani othandiza masewerowa anamutembenukira, ndipo mu Meyi chaka chomwecho anatula pansi udindo. Khoti la Malamulo Aakulu linadzaphwasula chigamulocho.

Zandale sizinamuyanje. Chipani chake cha Federal Alliance chinapeza mipando 2 yokha kunyumba ya malamulo pachisankho cha 1999. Anamwalira mu 2013. Anzanu amene akumutamandawo muwafunse ngati amakumbukira zimene zinachitika ku Pretoria.