Paipi ya apongozi yadutsa pansi pa chipinda chathu chatsopano

Okondedwa Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndakhala pabanja zaka 11. Timakhala pamalo amene anasiya malemu apongozi aamuna. Ife tili m'nyumba ya kutsogolo, kuseri kuli nyumba ina momwe mumakhala apongozi aakazi, alamu anga, akazi awo ndi ana awo awiri. Madzi a nyumba zonse ziwiri amadutsa pa mita imodzi, ndipo bilu imabwerabe m'dzina la malemu. Olipira ndi amuna anga. Alamu amaponyapo kangachepe akakumbukira, koma kukumbukirako n'kwa apo ndi apo.

Chaka chino tayamba kukonza nyumba yathu, tikuwonjezera chipinda ndi bafa lamkati. Amisiri pokumba maziko anapeza kuti paipi yopita kuseri yadutsa pakati penipeni pa chipinda chatsopanocho. Pulambala anati sangalole kuti ikwiriridwe ndi konkire chifukwa ndi yachitsulo ndipo yachita dzimbiri. Ine ndinati poti paipiyo ikuzulidwa kale, bwanji tingopatula madzi, aliyense akhale ndi mita yake. Amuna anga anangoti, "Tiona."

Tsoka ilo, pulambala uja anakafunsa apongozi kuti mita yawo akufuna ikhale mbali iti. Iwo anali asanamve kalikonse. Madzulo ake anabwera n'kuima pakhonde, osalowa, n'kunena kuti, "Lero mwayamba ndi madzi. Mawa mundiuze tsiku loti ndisamuke." Chiyambire tsikulo ndikawapatsa moni amangogwedeza mutu. Akazi a alamu akuuza anthu kuti ndabwera kudzadanitsa abale. Amuna anga akuti nkhaniyi ndinaiyamba ndine, ndiimalize ndekha. Amisiri akudikira, simenti tagula kale. Kodi ndalakwa? Ndisiye?

Ine Wothedwa Nzeru

Mwana wanga,

Musasiye. Pulambala wanuyo pakamwa pake m'pothamanga, koma pa za paipi wanena zoona. Paipi yachitsulo ikakalamba imadyeka mkati, dzimbiri limaunjikana, njira ya madzi n'kumachepa, kenako imayamba kuchucha molumikizira. Ikachuchira pansi pa konkire simuona dontho ngakhale limodzi. Mumangoona bilu ikukwera, khoma likunyowa m'munsi, penti ikufufuma, ndipo tsiku loifuna mudzaswa matailosi amene mwagula ndi thukuta lanu. Paipiyo iyenera kuchoka basi.

Cholakwika ndi khomo limene nkhaniyi inalowera. Taganizani, mayi wamasiye, wokhala kuseri pamalo amene anasiya mwamuna wake, n'kumva kwa mlendo wonyamula sipanala kuti madzi ake akusunthidwa. Bilu imene imabwera m'dzina la malemuyo, inu mukaiona mumaona ngongole. Iwo amaonapo dzina la amuna awo, ndipo mapepala otchula dzinalo atsala owerengeka. Atanena za kusamuka ankafuna kudziwa ngati akadali ndi mawu pakhomopo, ndipo mpaka lero palibe amene wawayankha.

Woyenera kuwayankha ndi mwana wawo. Awa ndi mayi ake, mng'ono wake, malo a bambo ake, ndipo ndalama imene imatuluka mwezi ndi mwezi ndi ya m'thumba mwake. Ndikukayika ngati biluyo imawasangalatsa bambo a kunyumbawo. Amuna a "tiona" ndawaona ambiri. Chinthu akuchifuna ndithu, koma amatsogoza mkazi kuti zikavuta fumbi limugwere iye. Muwauze muli awiri, mosakweza mawu, kuti pa nkhaniyi simupitanso kuseri nokha. Apite iwo, ayambe ndi kupepesa kuti amayi anamvera kwa mlendo, ndipo anene ndi pakamwa pawo kuti maganizowa ndi awonso. Inu mukhalepo, mupepese mbali yanu, koma mawu oyamba asakhale anu.

Musanapite, khalani kaye pansi ndi manambala, mwina mudabwa. Mita ikasuntha yunitsi imodzi ndiye kuti malita 1,000 adutsa. A bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, amati munthu mmodzi amafunika malita 50 mpaka 100 patsiku pa kumwa, kuphika, kusamba ndi kuchapa. Kwanu mulipo asanu, kuseri aliponso asanu. Anthu khumi, mwezi wathunthu, ndiye mayunitsi 15 mpaka 30. Tengani mabilu a miyezi imene munali musanayambe kumanga muone. Ngati akupitirira patali pamenepa, madzi akuthawira penapake. Usiku wina mugwirizane kutseka mipopi yonse m'nyumba zonse ziwiri, mulembe nambala ya pa mita, m'mawa muyang'anenso munthu asanatsegule mpopi kapena kugejemula. Ikakhala kuti yasuntha, pali pochucha. Mpopi wodontha kamodzi pa sekondi umataya malita oposa 10,000 pachaka, ndipo kathanki ka chimbudzi kamene kamangotsitsa madzi mwakachetechete kamataya oposa pamenepo. Mwina gawo lina la mkwiyo umene mwasungira alamu zaka zonsezi mwini wake ndi paipi yadzimbiri ija.

Ndipo ndikuuzeni ichi ngakhale simunandifunse. Miyezi ino amene akumwa madzi kwambiri pamalopo ndinu. Kukanda simenti kumafuna madzi, pulasitala madzi, konkire ikathiridwa imathiriridwa masiku osachepera 7 kuti ilimbe. Bilu ya nthawi yomangayi musaigawe ndi munthu. Walira mvula walira matope.

Njira zopatulira zilipo ziwiri. Ina ndi yoika kamita kakang'ono pa paipi yopita kuseri. Bilu imabwerabe imodzi, inu mumawerenga kamitako n'kuwauza gawo lawo. N'kotsika mtengo, n'kwachangu, ndipo pakati pa anthu olipira bwino kumayenda. Koma inu muli ndi mlamu woiwala. Kamita kameneko kakusandutsani wotolera ngongole, mwezi uliwonse kugogoda kuseri ndi kapepala m'manja. Pachaka ndiye milandu 12. Ine sindingakusankhireni zimenezo.

Njira inayo ndi mita yachiwiri yochokera kwa ogulitsa madzi, yokhala ndi bilu yakeyake. Iyi pulambala saika yekha. Mumakapempha kwa eni madziwo, amabwera kudzaona, ndipo kawirikawiri amafuna mapepala a malo komanso kuti ngongole yakale ithe. Funsani msanga, pakuti satsatira kalendala ya amisiri anu. Ubwino wake wina ngwakuti m'malo ambiri mtengo wa yunitsi umakwera mukamagwiritsa ntchito madzi ochuluka, ndiye mabanja awiri pa mita imodzi amapezeka akulipira pa mtengo wapamwamba pomwe aliyense payekha sakanafikapo.

Tsono imvani apa, pakuti mpamene pagona nkhani. Pulambala anafunsa apongozi kuti mita "yawo" yatsopano ikhale pati. Mutembenuze zimenezo. Mita yakale, ya malemu, isiyireni amayi, ilembedwe m'dzina lawo. Yatsopanoyo mutenge ndinu. Madzi ake ndi omwewo, bilu ziwiri zomwezo, koma amene akuchoka pa mita ya banja ndinu, iwo atsala pomwe anali. Mwana wawo akawauza kuti, "Amayi, mita ya bambo ikhala yanu, ife ndi amene tikulumikiza yathu," ndi mawu ena kotheratu ndi amene anamva tsiku lija. Ndalama zonse za ntchitoyi, paipi yawo yatsopano ndi mita yanu, zituluke kwa inu, poti amene mwafukula paipiyo ndinu.

Ntchito iyende chonchi: ayambe akumba ngalande yozungulira nyumba, ayale paipi yatsopano ya kuseri, ailumikize, madzi atuluke pa mpopi wa amayi, kenako ndiye adule yakale. Asagone ngakhale usiku umodzi opanda madzi chifukwa cha bafa lanu, ndipo tsiku lolumikizalo muwadzazire mgolo m'mawa. Poti paipiyo tsopano italika pozungulira, musalole yopyapyala ya mamilimita 15. Ikhale ya 20 kapena 25, apo ayi madzi azikafika kuseri ali ofooka, ndipo adzati munawapatsa otsalira. Chotsekera madzi chawo chikhale mbali yawo, poti angachifikire okha osadutsa pakhonde panu. Yakaleyo aidulire pamphanda pomwe inayambira, asasiye chidutswa chotsekedwa kumapeto momwe madzi azingoima n'kumaonongeka. Asanakwirire ngalande jambulani ndi foni, zaka zikubwerazi palibe adzakumbukire kuti paipi inadzera pati.

Nanga bilu ya kuseri alipira ndani? Apa musadzinamize kuti mwathana nazo. Amayi ndi amayi, ndipo ngati alibe popezera, gawo lawo ndi la ana awo onse awiri. Amuna anu atchule ndalama imene azipereka mwezi uliwonse m'malo mwa mayi awo, azikalipira okha kwa ogulitsa madzi, osapatsira m'manja mwa mng'ono wawo. Yotsalayo ndi ya alamu ndi banja lawo. Zimenezi zinenedwe onse ali pamodzi, ndipo zilembedwe.

Tsiku lina alamu adzaiwala monga mwa nthawi zonse, madzi a kuseri n'kudulidwa. Gwirizanani lero, inu ndi amuna anu, chimene mudzachite. Ine ndikuti apongozi akadzabwera ndi ndowa, muilandire, muidzaze, mukawatulire nokha. Akazi a alamu akadzabwera ndi mulu wa zochapa, muwalozere amuna awo. Ngongoleyo musadzailipire mobisa, chifukwa mukatero kamodzi mwabwerera pa mita imodzi, kungoti tsopano muli ndi mabilu awiri. Zimene akulankhula kunjazo musayankhe.

Konkire ya chipindacho iyambe yadikira mpaka amuna anu atapita kuseri. Simenti muisanjike pa matabwa pouma, isakhudze pansi kapena khoma, sabata imodzi siionongeka. Ndipo pulambalayo mumuuze kuti mafunso ake onse azifunsa kwa amene anamulemba ntchito.

Azakhali