Kwa achemwali a ku Mufakose, ku Harare, ofuna kuwerenga manotsi a piyano

Achemwali, mwafunsa za app yabwino, kiyibodi yoti mugule, ndi poyambira kuwerenga manotsi a pamizere. Za app ena akuyankhani kale. Ine ndinena za manotsi, poti ndi pomwe ndinapsa.

Amene akuti mumate timapepala ta zilembo pa makiyi, pepani, musawamvere. Mphunzitsi wanga woyamba ankabwera kunyumba ku Highfield Loweruka lililonse, madola 10 kapena kuposerapo pang'ono pa ola. Anamata zilembo pa makiyi onse, ndipo pansi pa noti iliyonse m'buku ankalembapo chilembo ndi pensulo. Patatha miyezi 8 ndinkadziona ngati katswiri. Ndiye Lamulungu lina woimba kiyibodi kutchalitchi sanabwere, akulu ampingo amvekere, "Nanga uyu si akuphunzira?" Anandipatsa buku lopanda pensulo, kiyibodi yopanda zomata. Mpingo waimirira, ine thukuta kamukamu, manotsi akungooneka ngati nyerere pachingwe. Anandipulumutsa mayi wina wamvano amene anangoyambitsa nyimbo pakamwa. Miyezi yonse ija ndinkawerenga pensulo ya bambo aja.

Ndiye chitani izi. Manotsi a piyano amalembedwa pa magulu awiri a mizere, lapamwamba la dzanja lamanja, lapansi la lamanzere. Pa gulu lililonse mizere ndi isanu, mipata inayi, ndipo timawerenga kuyambira pansi. Mayina a manotsi ndi 7 okha, A mpaka G, kenako amayambiranso. Musaloweze onse tsiku limodzi, gwirani atatu. Chizindikiro cha dzanja lamanja chija, treble clef, chimazungulira mzere wachiwiri, pamenepo ndi G. Cha dzanja lamanzere, bass clef, chili ndi timadontho tiwiri tomwe taika pakati mzere wachinayi, pamenepo ndi F. Wachitatu ndi C wapakati, amakhala pa kamzere kakekake pakati pa magulu awiriwo. Pa kiyibodi, C ndi kiyi yoyera ya kumanzere kwa makiyi akuda awiri. Ena onse muziwapeza poyenda kuchokera pa atatuwa, monga timalondolerana njira kuti mukafika pachigayo mukhote. Noti ikachoka pamzere kupita pampata woyandikana, ndiye kiyi yoyera yotsatira. Ikachoka pamzere kupita pamzere wina wotsatira, mwadumpha imodzi. Diso likazolowera mtunda umenewu, zala zimapita zokha musanatchule n'komwe dzina.

Dzanja lamanzere musalisiyire chaka chamawa. Mzere wapansi penipeni ku treble ndi E, koma ku bass ndi G. Mukazolowera mbali imodzi yokha, inayo muzidzaiwerenga molakwa mpaka kalekale. Ine mpaka pano lamanzere limatsalira.

Mwati munakulira m'kwaya, ndiye solfa, za do re mi zija, mumaidziwa. Khutu muli nalo kale, koma samalani: do amasamuka. Nyimbo ikakhala mu G, do ndi G, ikakhala mu F, do wapita pa F. Pamizere noti siisuntha. Muziyang'ana koyambirira kwa mzere: sharp (#) mmodzi ndiye kawirikawiri muli mu G ndipo F aliyense mumukweze pa kiyi yakuda ya kumanja kwake, flat (♭) mmodzi muli mu F ndipo B aliyense mumutsitse pa kiyi yakuda ya kumanzere kwake. Batani la pa kiyibodi lolembedwa transpose, lokweza kapena kutsitsa mawu inu mukudina makiyi omwewo, musalikhudze. Lawononga anyamata ambiri m'matchalitchi mwathumu, zaka ndi zaka akuimba zonse mu C.

Za kutalika kwa manotsi n'zosavuta: semibreve (yoboola yopanda kandodo) muwerenge kanayi, minim (yoboola ya kandodo) kawiri, crotchet (yakuda ya kandodo) kamodzi, quaver (yakuda ya kamchira) theka. Muziyamba mwaomba m'manja musanakhudze kiyibodi.

Mavidiyo a pa YouTube a timizere tamitundu totsika aja ndi zomata zomwezija, kungoti izi zikudyerani bandulo.

Kiyibodi ya makiyi 61 ikukwanirani, ngakhale piyano yeniyeni ili ndi 88. Zogwiritsidwapo kale ntchito ndimaziona cha m'ma 100 dola, zina kutsikirapo, kutengera ndi pakamwa panu. Musalipire musanadine kiyi iliyonse, ndipo muone ngati mawu akusintha mukadina mwamphamvu ndi pang'onopang'ono. Pezani yolola mabatire, nanga magetsi athuwa mukuwadziwa.

Mphunzitsi mukafunse ku Zimbabwe College of Music, cha ku Rotten Row m'tauni. Wina aliyense wodzitcha mphunzitsi wa m'dera lanu, mupatseni nyimbo yosadziwika ya m'buku lanu lakumudzi aimbe pomwepo. Akayamba zoti tayambani mwaiimba pakamwa ndiimve, dziwani kuti ndi wapakhutu, ndalama zanu bwezani m'chikwama. Mayeso a ABRSM, bungwe la ku Britain loyesa oimba, amayenda Grade 1 mpaka 8, koma asakuthamangitsireni kumeneko chaka chino.

Mphindi 15 tsiku lililonse zikuthandizani kuposa maola atatu Loweruka lokha. Ndipo ngati muli pa lendi, gulirenitu mahedifoni, eni nyumba sangapirire mzere umodzi womwewo ka 40 usiku.