Funsani Dokotala: Kodi ndipitirize kumwa omeprazole?

Funso: A dokotala, ndine bambo wa zaka 47. Kwa miyezi yambiri ndakhala ndikuvutika ndi chilungulira komanso kupweteka m'mimba cha kumtunda. Ndimagula omeprazole kufamase, ndipo masiku ena ndimamwa magnesium trisilicate, koma ndikangosiya ululu umayambiranso. Ndimamwanso Brufen chifukwa cha msana, ndipo ndili pa ma ARV. Kodi ndipitirize?

Yankho: Bambo, m'kalata yanu chondidetsa nkhawa kwambiri ndi Brufen. Mankhwala amenewa, pamodzi ndi diclofenac, indomethacin ndi aspirin, amafooketsa chitetezo cha khungu la m'kati mwa mimba, kotero kuti asidi amayamba kudya pamalo pamene panayenera kukhala potetezedwa. Ndiye kuti inu mukuchiza chilonda m'mawa n'kuchikandanso madzulo. Siyani Brufen, muzimwa paracetamol kufikira mutaonana ndi dokotala za msanawo.

Omeprazole amachepetsa asidi amene mimba imapanga, ndipo amagwira bwino ntchito akamwedwa kamodzi pa tsiku, mphindi 30 musanadye chakudya cham'mawa, kawirikawiri pa mlingo wa 20 mg. Kapisoziyo imezedwe yathunthu, osaitafuna. Munthu wodzigulira yekha asapitirire masiku 14 osaonana ndi achipatala. Chilonda chotsimikizika chimafuna masabata 4 mpaka 8, malinga ndi pamene chili. Kumwa kwa zaka popanda chifukwa chomveka kungachepetse magnesium ndi vitamini B12 m'thupi komanso kufooketsa mafupa. Dziwaninso kuti munthu akasiya mwadzidzidzi atamwa nthawi yaitali, asidi amachuluka kwa masabata angapo, n'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti sangakhale popanda mankhwalawa.

Komabe kubwerera kwa ululu kungasonyeze kuti gwero la vutolo silinakhudzidwe. Zilonda zambiri zam'mimba zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori, amene madokotala a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, analandira mphoto ya Nobel mu 2005 chifukwa chomutulukira. Omeprazole payekha samupha. Pamafunika kuyezetsa, ndipo akapezeka, munthu amapatsidwa omeprazole pamodzi ndi mankhwala awiri opha mabakiteriya, monga amoxicillin ndi clarithromycin kapena metronidazole, kawirikawiri kwa masiku 14, ndipo ayenera kuwamaliza onse ngakhale atayamba kupeza bwino.

Nkhani ya ma ARV musaipeputse. Magnesium trisilicate amagwira dolutegravir, mmodzi mwa ma ARV, m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa bwino m'magazi, zimene zingapatse mpata kachilombo kuchulukana. Imwani ma ARV anu maola awiri musanamwe magnesium, kapena dikirani maola 6 mutamumwa. Ngati muli pa ARV wotchedwa atazanavir, omeprazole sakuyenerani, ndipo mukawauze a kukiliniki kwanu msanga. Za soda wa kukhitchini amene ena amasungunula m'madzi, ine sindimulimbikitsa, makamaka kwa odwala matenda othamanga magazi, chifukwa ali ndi mchere wambiri.

Chilungulira chimachepanso mukamadya chakudya chamadzulo maola atatu musanagone, mukakweza bedi kumutu, ndiponso mukasiya fodya ndi mowa.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukasanza magazi kapena mukachita chimbudzi chakuda ngati phula. Musazengerezenso mukaona kuti mukuonda popanda chifukwa, mukusanza pafupipafupi, kapena nsima ikukakamira pakhosi pomeza. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa yakummero ndi yofala kwambiri, ndipo omeprazole akhoza kubisa zizindikiro zake matendawo akukula. Pa msinkhu wanu, ndiponso poti vutoli latenga miyezi, pemphani dokotala aone ngati mukufunika kuunikidwa m'mimba ndi kachipangizo kolowera pakamwa, ntchito imene imachitika m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Popita, nyamulani mankhwala onse amene mukumwa pamodzi ndi buku lanu lakuchipatala.