Yankho kwa achemwali pa gulu la banja: za nsungwi ndi mawaya a magetsi

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu lija, loti mnyamata wathuyo akufuna kukagwetsa mango ndi nsungwi mumtengo uli pansi pa mawaya uja, ati kusukulu anaphunzira kuti mtengo ndi mphira sizidutsitsa magetsi, komanso avala jombo zamphira. Chonde muletseni lero lomwe, musadikire mawa.

Aphunzitsi akewo sananame ayi, koma amanena za magetsi ochepa. Chilichonse chotchinga magetsi chili ndi malire ake. M'nyumba timagwiritsa ntchito mavoti 230 (mavoti ndi muyeso wa mphamvu yokankha magetsi), ndiye pulasitiki yokuta waya ija imakwanitsa bwinobwino. Koma mawaya apamwamba opita ku thiransifoma aja amanyamula 11,000, ena 33,000. Pamenepo nkhani ndi ina.

Zimakhala chonchi. Mu mphira, mu galasi, ngakhale mumpweya, tinthu tonyamula magetsi, timene amati maelekitironi, timakhala togwidwa zolimba, sitiyenda. Mphamvu ikakula mopitirira imazula kamodzi, kameneko kamakagunda tinzake, tinzaketo n'kugundanso tina, kuphethira kamodzi njira yatseguka, moto wadutsa. Mukudziwa mzere wa m'munda umasunga madzi a mvula yowaza, koma chimvula chikaubowola pamodzi madzi onse amathamangira pomwepo. Ndi momwemo.

Mpweya wouma umagonja pa mavoti pafupifupi 3,000 pa milimita imodzi. Kamoto kothetheka pa pulagi ya galimoto kaja ndi komweko, mphezinso ndi yomweyo, kungoti yaikulu. Ndiye nsungwi sichita kufunika kugunda waya. Ikangoyandikira kwambiri magetsi amalumpha okha, ndipo nsungwi yaitali m'manja mwa mwana amene maso ali pa mango, eeh, imagwedera mbali zonse.

Nanga nsungwiyo? Yaiwisi ndiye musanene, ili ndi madzi mkati. Youma nayo imayamwa chinyezi, ili ndi fumbi, thukuta la m'manja. Jombo zamphira zogula pamsika anazipangira matope. Kabowo ka munga kosaoneka ndi maso n'kokwanira. Magolovesi a anthu ogwira ntchito pa mawayawa ndi mphira wapadera, amayezedwa pafupipafupi, ndipo amalembedwa mphamvu imene angapirire.

Chimene chimandiopsa kwambiri ine ndi ichi. Mpweya ukabooka umabwerera mwakale moto ukazima. Koma mtengo, mphira kapena pulasitiki, magetsi akadutsamo kamodzi amasiya kamzere kakuda kopserera, makala enieni, ndipo makala amadutsitsa magetsi. Kanjirako sikatsekekanso, m'malo mwake kamangokula. Ndikamatsegula soketi yopsa ndimakapeza kamzere kameneka, kopyapyala ngati ulusi, kuchoka pa chitsulo china kufika pa chinzake. Soketi yotero musamaipukute n'kubwezera, ndi yotaya.

Mukamadutsa pa polo, taimani patali muyang'ane timbale tagalasi kapena tadothi timene timagwira waya tija. Mphamvu ikachuluka timbale timachulukanso. Pa mawaya a mavoti 400,000 ochoka ku Phombeya kupita ku Nkhoma, timbale take ndi mndandanda wautali zedi. Kunsi kwake anatipanga mapindi dala, kuti magetsi ofuna kukwawa pamwamba pake ayende mtunda wautali. Komabe fumbi la chilimwe likaunjikana, kenako mame kapena mvula yoyamba n'kulinyowetsa, mumamva kulira kwa zzz usiku, nthawi zina kuthetheka kumene. Ngati galasi lopangidwira ntchito imeneyi limavutika ndi fumbi lonyowa, nanji nsungwi?

Mtengowonso asakweremo, nthambi ikakhudza waya mtengo wonse umakhala woopsa. Musadule nokha, kauzeni a ESCOM abwere adzazimitse kaye n'kusadza nthambizo. Ndipo auzeni ana onse kuti munthu akagwidwa ndi mawaya amenewa, kapena waya ukagwa pansi, asathamangireko, asamukoke ngakhale ndi ndodo, chifukwa nthaka yozungulira pamenepo nayonso imakhala ndi magetsi. Aime kutali, aitane akuluakulu. Madzulo ano mumupatse foni mnyamatayo ndiyankhule naye ndekha. Moni kwa alamu.