Funsani Malume: Kodi makadi a mwana wanga si njuga?

Malume,
Kwathu ndi ku Mangochi koma ndikukhala ku Rosettenville kuno ku Joni, ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Mnyamata wanga wa zaka 13 watengeka mtima ndi makadi a Pokémon. Anzake a kusukulu anamugawira ochepa, tsopano akuti Loweruka lililonse ndizimupatsa ya thekisi ndi yolembetsera kuti azikasewera mu ligi pa sitolo ina ya zamasewero. Chandiopsa n'chakuti ndinamumva akuuza mng'ono wake kuti wopambana ndi amene watenga makadi onse a mphoto. Malume, ine bambo anga anagulitsa njinga ndi mbuzi chifukwa cha njuga. Kodi si yomweyo iyi, yangosintha malaya?
*Mayi wodandaula, Rosettenville*

Mayi, mantha anuwa ndawamva ndipo sindikuwapeputsa. Ine ndinakulira ku Balaka, ndipo kumeneko ukamva kuti anthu ali pa makadi umadziwa kuti ndi azibambo akhala kuseri kwa golosale, ndalama atapsinja ndi mwala, wina akabwerera kunyumba chimanjamanja. Choncho mwana wa mlongo wanga amene ndimakhala naye ku Turffontein atandipempha zomwe wakupemphani wanuyu, ndinamukaniza kwa miyezi itatu yathunthu. Anasiya kupempha, n'kuyamba kusewera yekha pabedi, mbali zonse ziwiri, akudziyankha yekha. Zimenezo ndi zomwe zinandidzutsa Loweruka lina n'kukwera naye thekisi ziwiri, kusinthira m'tauni, kuti ndikaone ndi maso anga.

Ndinapeza matebulo ataliatali kumbuyo kwa sitolo, anthu atakhala awiriawiri moyang'anizana, aliyense atayala kansalu kake. Phokoso linali la makadi akusakanizidwa basi. Pakhoma panali pepala losonyeza kuti uyu asewera ndi uyu pa tebulo lakutilakuti. Pafupi ndi ine kamtsikana kosakwana zaka khumi kanagonjetsa bambo wa imvi, bamboyo n'kukapatsa dzanja, kenako awiriwo n'kuyamba kukambirana pomwe iye analakwitsa. Makolo ena anakhala pa mipando ya m'mbali akudikira. Ndalama ndinaiona pa kauntala pokha.

Tsono za makadi a mphotowo, pomwe pagona mantha anu. Wosewera aliyense amabwera ndi deki yake, ndiko kuti mulu wa makadi 60 ndendende omwe wasankha yekha, ndipo khadi la dzina limodzi siliposa anayi, kupatula a Energy wamba, omwe amapatsa Pokémon mphamvu zomenyera. Masewero akamayamba, aliyense amatenga makadi 6 kuchokera pa mulu wake womwewo n'kuwavundikira pambali. Akagwetsa Pokémon ya mnzake, ndiko kuti chilombo chojambulidwa pa khadi, amatolapo limodzi, nthawi zina awiri kapena atatu malinga ndi kukula kwa yomwe wagwetsayo, ndipo amene wayamba kumaliza ake 6 ndiye wapambana. Ndi makadi ake omwe, Mayi. Akamaliza aliyense amalongedza ake 60 n'kubwerera nawo kwawo. Pa bawo paja timadyerana njere, koma masewero akatha njere zonse zimabwerera m'mabowo ake. Apanso ndi choncho.

Kubetcha n'koletsedwa pa mipikisano yovomerezeka, ndipo wopezeka akutero amachotsedwa. Ngakhale kugwirizana kuti tiponye khobidi kuti tidziwe wopambana m'malo mosewera ndi mlandu. Eni masewerowa anaphunzira kalekale. Magic: The Gathering, yomwe inayambitsa mtundu wonse wa masewerowa mu 1993, poyamba inali ndi lamulo loti wopambana azitenga khadi limodzi la wogonja. Analichotsa chifukwa linkanunkha njuga, ndipo makadi okhudza lamulo limenelo saloledwanso pa mpikisano. Pokémon inatuluka ku Japan mu 1996, ya Chingerezi mu 1999, ndipo lamulo lotere ilibe.

Koma sindikufuna kukunamizani kuti palibe pochenjera. Msampha uli pa kauntala paja, pa timapaketi tomata tonyezimira. Paketi ya Chingerezi imakhala ndi makadi 10 ndipo sudziwa zomwe zilimo mpaka utang'amba. Ambiri amakhala wamba, koma mwa apo ndi apo mumatuluka lina la mtengo wapatali, ndiye mtima umati mwina yotsatirayi. Ndinaona mphwanga akung'amba paketi manja akunjenjemera, ndipo nkhope imeneyo ndinaizindikira, ndi ya kuseri kwa golosale kuja. Tsiku lomwelo tinapangana: paketi ndi ya tsiku lobadwa, kapena imene wapatsidwa pa mpikisano. Akafuna khadi loti alimbitse deki yake, timagula lomwelo palokha, pakuti masitolo ndi osewera anzake amagulitsa limodzilimodzi, ndipo makadi ambiri ogwira ntchito pa tebulo ndi otsika mtengo. Okwera mtengo kawirikawiri ndi a zithunzi zokongola, omwe mphamvu zake n'zofanana ndi za khadi wamba la dzina lomwelo. Kusinthana makadi ndi anzake nakonso muziyang'anira, chifukwa mwana watsopano sadziwa mitengo. Mumuuze kuti asanasinthe chilichonse azifunsa kaye woyendetsa ligiyo.

Mukalola, zoyenera kuchita si zambiri. Ligi zovomerezeka zili pansi pa dongosolo lotchedwa Play! Pokémon, ndipo wosewera amafunika nambala yake, Player ID, yomwe imapezeka ulere potsegula akaunti pa tsamba la Pokémon la pa intaneti. Mukhale naye potsegulapo, ndipo chaka chobadwa mulembe choona, chifukwa osewera amagawidwa potengera chakacho: Junior, Senior ndi Masters. Wanuyo mwina agwera mu Senior. Ana akachepa tsiku limenelo amatha kuseweretsedwa ndi akuluakulu, zisakudabwitseni.

Masiku wamba a ligi ndi ongosewera ndi kuphunzitsana, ndipo ndi pomwe ayenera kuyambira. Kenako pali League Challenge, kampikisano kakang'ono ka pa sitolo, ndi League Cup yomwe ndi yokulirapo. M'mipikisano imeneyi ukagonja m'maraundi oyambirira sutuluka ngati mu chikho cha mpira. Raundi yotsatira amakuphatikiza ndi wina wogonja ngati iwe, opambana nawo amakumana okhaokha, motero mwana amasewera tsiku lonse. Mphwanga pa mpikisano wake woyamba anagonja magemu onse anayi. M'thekisi sanayankhule mpaka titafika m'tauni, kenako anangoti, “Malume, ndili ndi Energy wochuluka kwambiri,” n'kutulutsa cholembera. Amene akuchita bwino amapeza mapointi omwe angamufikitse munthu ku mpikisano wa dziko lonse lapansi, womwe mu 2022 unachitikira ku London, mu 2023 ku Yokohama, mu 2024 ku Honolulu. Zimenezo musazitengere kumtima panopa. Pa zaka 13 chachikulu n'chakuti akuwerenga Chingerezi cha pa khadi lililonse, akuwerengetsa masamu pamutu, komanso akuphunzira kupereka dzanja atagonja.

Chinthu chimodzi chingakupulumutsireni ndalama. Pansi pa khadi, chakumanzere, pali kachilembo m'kabokosi. Chaka ndi chaka makadi a chilembo chakale kwambiri amasiya kuloledwa pa mipikisano ya Standard, yomwe imalola makadi aposachedwa okha. Mu 2025 anatuluka a chilembo F. Ndiye makadi omwe anzake anamugawirawo apite nawo kwa woyendetsa ligi awaone musanagule chilichonse. Ngati mukufuna kumugulira deki yokonzeka kale, funsani yotchedwa League Battle Deck, n'kufunsanso ngati chilembo chake chidakali ndi moyo. Pa foni pali Pokémon TCG Live, yaulere, yoti aziyeserapo.

Ndikudziwa kuti Loweruka kwa inu mwina ndi tsiku lokhalo lochapa ndi kupuma. Komabe ulendo woyamba mupite naye. Mukaone pakhomo pake, mukalonjere woyendetsa ligi, mutenge nambala yake, mufunse kuti amaweruka nthawi yanji. Mwana wa zaka 13 asamadutse pa renki ya m'tauni yekha dzuwa litalowa, makadi kapena opanda makadi.

Malume,
Ndine mnyamata wa ku Ntcheu, ndimalondera usiku ndipo ndimakhala ku Cosmo City. Ndinaphunzira Magic pa foni, pa apu ya MTG Arena, kuti ndisamagone pa ntchito. Tsopano ndikufuna kusewera ndi anthu enieni koma ndikuopa zinthu ziwiri. Chingerezi changa n'chothyokathyoka, komanso ndimatumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse, sindingakwanitse deki yodula.
*Mlonda, Cosmo City*

Achimwene, ngati mukutha kupambana pa Arena ndiye kuti Chingerezi chofunika pa tebulo muli nacho kale. Mawu ake ndi ochepa ndipo amangobwerezabwereza. Chimene foni sinakuphunzitseni ndi ntchito yomwe inkakugwirirani mwakachetechete. Pa tebulo muzisakaniza nokha, kupereka deki kwa mnzanu kuti adule, kulemba moyo wanu ndi wake papepala kuyambira pa 20, ndi kukumbukira nokha zomwe makadi anu amachita nthawi yake ikakwana. Foni inkakukumbutsani, munthu sakukumbutsani. Yeserani kunyumba mukunena mokweza chilichonse chomwe mukuchita.

Khomo lolowera ndi Friday Night Magic, yomwe masitolo ovomerezeka ndi Wizards of the Coast, eni ake a Magic, amachititsa Lachisanu madzulo. Ndi ya anthu wamba, ndipo woweruza wake amakhalapo kuti aphunzitse kuposa kulanga. Mukasokonezeka kapena mukasiyana maganizo ndi mnzanu, kwezani dzanja n'kuitana jaji, osagwira makadi mpaka afike. Ife Amalawi timachita manyazi, timaona ngati tikumuneneza mnzathu, makamaka tikakhala alendo m'dziko la eni. Kumeneko aliyense amaitana jaji, ngakhale akatswiri. Safunsa anadya phula. Raundi imodzi imakhala ya mphindi 50, wopambana magemu awiri mwa atatu ndiye watenga mapointi 3, mukalepherana aliyense amatenga 1. Masitolo ambiri amalengeza osewera nawo kudzera pa apu ya Companion, ndiye muike pa foni musanapite.

Za ndalama, musayambe ndi kuthamangitsa deki zomwe mumaona akatswiri akusewera. Funsani ngati pa sitolopo amasewera Pauper, momwe amalola makadi wamba okhaokha. Njira ina ndi Draft: mumalipira kamodzi, mumapatsidwa mapaketi atatu, mumasankha khadi limodzi n'kupatsira otsalawo kwa woyandikana naye mpaka atatha, kenako mumamanga deki ya makadi 40 pomwepo. Olemera ndi osauka amayambira pamodzi, ndipo makadi omwe mwasankha nthawi zambiri mumapita nawo kunyumba, ngakhale ndi bwino kufunsiratu. Prerelease, yomwe imachitika makadi atsopano atatsala pang'ono kutuluka, ndi yofanana ndi imeneyi koma mumapatsidwa mapaketi 6, ndipo ndi tsiku labwino kwa mlendo chifukwa makadiwo ndi achilendo kwa aliyense. Palinso Commander, ya makadi 100, ambiri mwa iwo osafanana, yomwe anthu amakonda kusewera anayi pa tebulo limodzi akucheza. Ngati chimene mukusowa kwenikweni ndi anzanu ocheza nawo, yambani ndi imeneyo.

Vuto lomwe simunalitchule ndi lomwe likundidetsa nkhawa ine. Lachisanu usiku mumakhala pa geti, ndipo ngakhale mutakhala pa ofu, masewero amatha thekisi za ku Cosmo City zitayamba kusowa. Funsani za masewero a Loweruka kapena Lamulungu masana. Ndalama ya makadi muziipatula mutatumiza kaye ya kumudzi ndi kulipira lendi.

Malume,
Ndagula makadi a Pokémon ambirimbiri pa tebulo la m'mbali mwa msewu m'tauni, motchipa kwambiri, kuti ndikapatse ana kumudzi pa Khirisimasi. Mwana wa anzanga akuti ndi abodza. Zoona?
*Bambo wa ku Mayfair*

Bambo, mwanayo ayenera kuti akunena zoona. Zinandichitikiranso ine. Ndinagula bokosi lotere ndikuganiza kuti ndamuchitira mphwanga chachikulu, ndipo woweruza atangoligwira khadi limodzi anatiitanira pambali mwaulemu n'kutiuza kuti saloledwa pa mpikisano. Mwanayo anabwereka deki kwa mnzake tsiku limenelo.

Tengani limodzi muliike pambali pa lenileni. Labodza limakhala lopyapyala kapena loterera ngati pulasitiki, kumbuyo kwake mtundu wa buluu umakhala wotuwa, zilembo zimakhala zosalongosoka, ndipo nthawi zina manambala ake amakhala akuluakulu mopitirira muyeso. Muunikeni ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo. Lenileni lili ndi kamzere kakuda pakati pa mapepala ake ndipo kuwala kumavutika kudutsa, pomwe labodza limawala ngati nsalu ya neti.

Ana akumudzi akhoza kusewera nawo pakhonde popanda vuto, musawataye. Muwauze chabe kuti ndi oseweretsa pakhomo, asadzasinthanitse ndi mnzawo wokhala ndi enieni, ndipo mukapeze munthu wowalembera malamulo ake m'Chichewa pa kapepala kamodzi musanakwere basi ku Park Station.