Mwana wafooka ndi ma peptide, kodi asiye chemistry?

Mayi wina walemba kuti mwana wawo wamkazi, amene akuphunzira chemistry ku yunivesite, wagwa ulesi ndi mutu wa kapangidwe ka ma amino acid ndi ma peptide, omwe ndi timaunyolo ta ma amino acid olumikizana. Mwanayo akuti n'kuloweza kokhakokha, ndipo sakuona komwe zidzamuthandize.

Mayi, asasiye. Mufunseni ngati akuudziwa jakisoni amene anamwino amabaya mayi akangobereka kuti asataye magazi ambiri. Ameneyo ndi oxytocin, peptide ya ma amino acid 9 okha. Vincent du Vigneaud anaipanga mu labu mu 1953, nalandira mphoto ya Nobel mu 1955.

Ophunzira ambiri amasokonezeka chifukwa choloweza mayina asanamvetse vuto lenileni. Amino acid iliyonse ili ndi mbali ziwiri zogwirira, ya amine ndi ya acid. Ukayesa kulumikiza ma amino acid awiri, monga glycine ndi alanine, usanatseke mbali iliyonse, zimalumikizana mwachisawawa, glycine n'kugwira glycine mnzake. Ndiye umayamba watseka mbali ya amine ndi chotsekera chotchedwa Boc kapena Fmoc, n'kudzutsa mbali ya acid ndi mankhwala monga DCC, kulumikiza, kenako kutsegula. Boc imachoka ndi asidi, Fmoc ndi mankhwala otchedwa piperidine. Akamvetsa zimenezi, njira imene Bruce Merrifield anafalitsa mu 1963 siidzamuvuta: amino acid yoyamba imamangiriridwa pa timibulu ta pulasitiki totchedwa resin, zotsala zonse umangotsuka, n'kuwonjezera yotsatira. Ajambule yekha papepala kulumikiza ziwiri zokha, mobwerezabwereza, mpaka dzanja lizolowere. Njira ya Strecker ya mu 1850, yopangira ma amino acid kuchokera ku aldehyde, ammonia ndi cyanide, njaifupi. Angokumbukira kuti imatulutsa mitundu yonse iwiri ya amino acid, L ndi D (yofanana ngati dzanja lamanzere ndi lamanja), itasakanikirana pamodzi.

Za ntchito ndisakubisireni. Kupanga ma peptide kwenikweniko kumachitika m'mafakitale a mankhwala ndi m'malabu a kafukufuku akunja, ndipo nthawi zambiri amafuna masters kapena PhD. Koma zopangidwazo zikafika kuno zimafuna woziyeza. Oxytocin imatha mphamvu ikakhalitsa pa kutentha, ndipo ma amino acid a lysine ndi methionine amathiridwa m'chakudya cha nkhuku. Mabungwe monga Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi Malawi Bureau of Standards ntchito yawo n'kuona ngati katundu ali wabwino. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti pa kafukufuku wa chaka chomaliza apemphe mutu umene udzamufikitse pa makina a HPLC, omwe amalekanitsa ndi kuyeza zimene zili mu mankhwala, aphunzire kuwayendetsa ndi manja ake, ndipo tchuthi chikubwerachi akapemphe malo a attachment mu labu yoyeza mankhwala kapena zakudya.